Mfuti Yotchezera ya kwa Phalula

Wadson anali ndi nthenda yofunsa mawu kwawo. Anthu ena akamva liwu amangolimeza ngati phala, koma iye ankaligwira pamkono n'kulifunsa amene analibereka. Nthendayi anaitola ku Bulawayo, m'nyumba yosindikizira mabuku mmene anayamba ndi kusesa, kenako kupinda mapepala, potsiriza n'kumawerenga chilichonse chimene makina alavula, kaya ndi nyimbo za m'tchalitchi kaya malangizo a dibi la ng'ombe. Kumeneko ndi kumene anadziwira kuti nsapato zimene zinali kumapazi kwake zinabwereka dzina kwa Apwitikizi, ndi kuti sitima imene inkamubweza kwawoyi inalanda dzina la ngalawa zautsi zimene zinkayenda mu Shire iye asanabadwe. Liwu limodzi lokha sanavutike kulifufuza, loti mtchona. Limenelo ankalidziwa ngati fungo la m'khwapa mwake.

Anatsika pa Balaka mu 1950, chaka chotsatana ndi njala yaikulu ija, dzuwa likuswa mtengo. Anachoka ndevu zikungoyamba kumera, ankabwera ndi imvi m'mbali mwa makutu. Milambe inali pomwe anaisiya. Masitolo a amwenye anali atachuluka, anthu atachepa thupi, ndipo pa siteshoni ponse panalibe amene anamuyang'ana kawiri.

M'sutikesi mwake munali bulangete la amayi ake a Sabina, amene munthu wina wa ku Utale anamuuza kuti sakudzukanso pamphasa. Munalinso kachitini ka wonga kamene anagula mobisa kwa Msena wina sitima itaima pafupi ndi mlatho wa Zambezi.

Wongawo unali ndi nkhani yake. Kwawo, kumudzi kuseri kwa Phalula, kunali mfuti ya gogodela ya atsibweni ake a Chande, amene kale ankapha nayo njovu. Njovu zitatha, mfutiyo inatsala ndi ntchito imodzi: munthu wa mbumba yawo akamatsitsidwa m'manda, mwini mbumba ankaiomba kamodzi, kuti a kutsidya kwa mtsinje amve kuti amene wagonayo anali ndi mwamuna womuyang'anira. A Chande pomwalira anasiyira Wadson mfutiyo pamodzi ndi mbumba yonse. Tsiku loti anyamuke kupita ku Halale, monga anthu ankatchulira dziko lonse la kummweralo, anaipaka mafuta a nsatsi, naikulunga m'chikopa cha mbuzi, naikwirira pansi pa nkhokwe poopa amesenjala a boma amene ankalanda mfuti zopanda chilolezo. Panali anthu awiri okha amene anaona: amayi ake ndi mlongo wake wamng'ono, Bernadetta.

"Tsiku lanu likadzafika, amayi, ndidzakuomberani ndine," anatero akupondaponda dothi.

A Sabina anaseka. "Wayamba kundiika m'manda ndisanalawe n'komwe shuga wa ku Halale kwakoko."

Zaka zonse zija, pamene makalata ake anayamba kutalikirana mpaka kuleka, pamene anakwatira Mndebele wina n'kusiyana naye, pamene anayamba kulota m'chilankhulo cha eni, lonjezo limenelo ndi limene linkamuuza kuti akadali ndi kwawo. Ankati madzi saiwala khwawa. Sanaganizepo zofunsa ngati khwawalo limakumbuka madzi.

Podikira ngolo yopita cha kwa Phalula, anakhala pamthunzi wa mlambe pamene mmisiri wina wa zitini anayala malonda ake: zidebe, makapu, nyali za koloboyi, ndi mulu wa zitsulo zoboola zodulidwa ku njinga zakufa. Mmisiriyo, bambo wa kofiya woyera ndi zala zakuda ndi mtovu, ankaitana amayi odutsa.

"Mfuti, amayi, mfuti. Yosatuluka m'mbali. Iuzireni nokha mumve."

Nthenda ya Wadson inadzuka.

"Pepani, abambo. Chimenechi mukuchitcha chiyani?"

"Mfuti."

"Ine ndikuona chitsulo cha njinga."

"Inu mukuona njinga chifukwa mwavala jekete. Amayi awa akuona mfuti."

"Imapha chiyani?"

"Amuna a eni, koma pang'onopang'ono." Mmisiriyo anaseka yekha. "Ndi yotchezera kachasu, ambuje. Ine Usumani sindimwa, kwathu ku Nsanama ndi haramu, koma chitsulo chilibe chipembedzo. Mumata mbiya pamoto, nthunzi ilowa umu, chitsulo chidutsa m'khungwa la madzi ozizira, kunsonga uku kuyamba kudontha m'botolo. Basi."

"Kutcheza ndimakudziwa. Ndili mwana ankagwiritsa nsungwi. Ndikufunsa dzinalo. Lachokera kuti?"

Usumani anamuyang'ana ngati munthu amene kwa nthawi yaitali sanafunsidwe funso losakhudza mtengo. Anaika nyundo pansi.

"Nsungwi imang'aluka ikatentha. Anthu akale anaona kuti palibe chitsulo choboola bwino kuposa cha gogodela. Ndiye boma litayamba kusakasaka mfuti m'midzi, ambiri anangochotsa mtengo wake n'kuuponya pamoto, chitsulocho n'kuchitsegula kumbuyo, kupatsa akazi. Mesenjala akabwera apeza chiwiya cha amayi chili pambali pa mphika. Zenizenizo zambiri zinatha ndi dzimbiri. Dzina ndi limene linakana kufa. Lero ngakhale mutabweretsa paipi ya madzi ya kwa mzungu, mayi wotcheza adzati mfuti."

Wadson anasangalala monga mmene ankasangalalira nthawi zonse liwu likamuululira mayi wake. Anaganiza kuti nkhani imeneyi akawauza amayi ake, aseke.

"Ndiye yeniyeni palibenso?"

"Imodzi ndikuidziwa. Kwa Phalula uko, kwa mayi wina, a Bernadetta. Chitsulo chachitali chonchi, chokhuthala, cha njovu. Kachasu wake amuna amaolokera Shire kuchokera ku Kasupe. Sanena n'komwe kuti kachasu, amangoti tipatseni wa Chande. Kumbuyo kwake ndinatsegula ndine ndi manja angawa, nkhondo yaikulu ya azungu ija itangoyamba. Ndinalimbana nacho tsiku lathunthu." Anatolanso nyundo yake. "Inali ya mchimwene wawo. Anafera mumgodi ku Wankie, wosauka."

"Anafa?"

"Anafa. Anamulira, anameta."

Wadson anali asanapondepo ku Wankie. Anathokoza mmisiriyo mwaulemu, nanyamula sutikesi. Ngolo sanaidikirenso.

Anafika kumudzi mawa lake dzuwa lili pamutu, atagona kwa anthu m'njira. Sanafunse nyumba. Anatsatira fungo la gaga wosasa, limene linamutsogolera kuseri kwa nyumba ya amayi ake, kudutsa pamene panali nkhokwe ija, kutsikira m'kakhwawa kobisika ndi nsungwi. Mmenemo munali mbiya yakuda pamafuwa, yomatidwa pakamwa ndi dothi, ndi khungwa lodzaza madzi. Chitsulo chinatuluka m'khosi mwa mbiya, n'kulowa m'khungwamo, n'kutulukira mbali ina. Anachizindikira ndi mphete yamkuwa imene a Chande anamangira pamene chinakhulika pamwala. Kukamwa kwake, kumene kunkatuluka moto wogwetsa njovu, kunali kansanza, ndipo kansanzako kankadonthetsera m'botolo, tho, tho, tho.

Mayi wina wowonda, wa mpango wothimbirira ndi utsi, anali chogwada akusonkhezera moto. Anatembenuka namuona.

Munthu akaona amene anamulira amathawa, kapena kugwa pansi, kapena kuitana Maria. Bernadetta anakankhira chikuni m'kati, napukuta manja pachitenje.

"Mwafika, abambo."

"Bena, ndine."

"Ndakuonani."

"Sukuthawa mzukwa?"

"Mzukwa sunyamula sutikesi."

Apo Wadson anadziwa. Pa ulendo wonse kuchokera ku Balaka anali atawakonzera chowiringula: kuti mwina Wadson wina anaferadi ku Wankie, uthenga n'kusokera, amayi ake n'kulira mwana wa eni. Zikanakhala zowawa koma zokhululukika. Tsopano chowiringulacho chinamugwa m'manja.

"Unkadziwa kuti ndili moyo."

"Tinkadziwa. Anthu a ku Utale ankakuonani ku Bulawayo, Lamulungu masana, muli ndi mayi wovala chipewa. Ankati mwanenepa."

"Ndiye munameteranji?"

"Samalani, mukuponda nkhuni zanga." Anachotsa botolo lodzaza, naikapo lina mosataya dontho. "Kafunseni amayi. Fulumirani, mawu awatsalira ochepa, ndipo sawataya pa anthu ochedwa."

"Ndi ya atsibweni imeneyo, Bena."

"Atsibweni sanadandaule. Dzina lawo lamveka mpaka ku Kasupe, kumene njovu zawo sizinalifikitse."

A Sabina anali gone m'nyumba pafupi ndi khomo, pomwe pankalowa kuwala. Anali atachepa ngati mwana. Wadson anagwada, nawomba m'manja, ndipo iwo anatambasula dzanja n'kumupapasa kumaso, m'ndevu, m'makutu, monga mayi amachitira ndi mwana wochokera kudambo kuona ngati sanabwere ndi nkhupakupa.

"Wakalamba," anatero. "Ndani anakuloleza?"

Anawafunditsa bulangete lija. Iwo analisisita, nalinunkhiza.

"Ili ndi labwino. Mudzandikulunge nalo."

"Amayi, ndamva pa Balaka kuti ndinafa."

"Unamva bwino."

"Anabweretsa uthengawo ndani?"

"Palibe. Ndinakupha ndine."

Ananena mawuwo osatsitsa maso. Kenako anapempha madzi, ndipo atamwa anafotokoza pang'onopang'ono, akupumira pakati, ngati munthu wokwera phiri limene amalidziwa.

"Mwamuna wa Bena anayamba kumumenya. Tsiku lina anamuthyola dzanja ili. Tinaitana akuchimuna. Anabwera, anakhala paja, anati ife timayankhula ndi mwini mbumba, Wadson ali kuti? Ndinati ali ku Halale, abwera. Anati tidikira. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Dimba lathu la kumtsinje anthu anayamba kulidya m'mbali ngati mbewa. Kubwalo anati mkazi sangaimirire yekha, mwini mbumba ali kuti? Ndinati abwera. Jasten, mwana wa mng'ono wanga, anali atakula, ali pompano, wanzeru zake, koma sakanakhala pampando pako iwe uli moyo. Munthu wamoyo salowedwa m'malo. Ndinakutumizira mawu kudzera mwa aliyense wopita kummwera. Unayankha?"

A Sabina anapumira, napitiriza.

"Ndiye m'mawa wina ndinatuluka panja n'kuyamba kulira. Ndinati uthenga wafika wa ku Wankie. Ndinasankha Wankie chifukwa kumeneko ana a anthu ankafa ambiri, panalibe woti afunse. Bena yekha ndiye ankadziwa. Tinalira, tinameta, tinafukula mfuti ija. Jasten anakuombera."

"Anandiombera ine."

"Inalira bwino. A kutsidya anamva. Mwezi usanathe, mlandu wa Bena unaweruzidwa, dimba linabwerera."

"Nanga kuipereka kukachasu?"

"A kutsidya atamva, amesenjala anamvanso. Anabwera kudzafunsa. Jasten ndi munthu wa tchalitchi, anati iye kamodzi komweko kamukwana, saigwiranso. Tikanaiponya m'chimbudzi? Bena anali ndi ana, wopanda mwamuna. Ndinati ipite kumoto."

Kunja nkhuku inkapalasa pakhomo. Wadson anayang'ana denga, mapaso omwe aja amene anamanga yekha asanachoke, akuda tsopano ndi mwaye. Ku Bulawayo, akadwala malungo, ankawerenga mapaso amenewa m'mutu kuti agone.

"Munalira zoona, amayi? Kapena munkangoonetsa anthu?"

"Ndinalira kuposa amene amalira akufa enieni. Wakufa sachita kusankha."

"Ndinalonjeza kuti ndidzakuomberani."

"Unalonjeza. Lonjezo lako ndinalilera mpaka linamera ndevu, silinanditungire madzi ngakhale tsiku limodzi."

"Ndabwera tsopano. Itanani akuluakulu mukadali ndi mawu. Muwauze kuti uthenga unali wabodza, mbumba ibwerere kwa mwini wake, mfuti ichoke pamoto paja. Wonga ndabwera nawo."

A Sabina anapukusa mutu pamphasa.

"Iyayi, mwanangu. Kuti uli moyo aona okha, ali ndi maso. Adzati uthenga unasokera, adzakupatsa moni, adzakupatsa mpando. Koma ndikanena kuti ndinanama, zonse zimene Jasten anamanga zigwa. Mlandu wa Bena udzuka, dimba lidzuka, ukwati wa mwana wamkazi wa Bena udzafunsidwa kuti anaumanga ndani. Ndiye iwe ukadzakwera sitima chaka chamawa?"

"Sindidzakwera."

"Unateronso tsiku lija pankhokwe." Anamugwira dzanja, nalifinya ndi mphamvu zochepa zimene anali nazo. "Khala ngati mlendo. Kuno alendo timawadyetsa bwino."

Zinachitika monga ananenera. Anthu anabwera kudzamuona, anagwira pakamwa, anati Mulungu ndi wamkulu, makalata a ku migodi ndi osadalirika. Anamufunsa ngati n'zoona kuti ku Bulawayo kuli misewu yoyaka usiku. Jasten, amene Wadson anamusiya akuyenda ndi kamkanda kokha m'chiuno, anali bambo wa mimba ndi kolona m'khosi. Anamupatsa moni ndi manja awiri, anamutcha achimwene aakulu, namupatsa nyumba ya alendo. Nkhani za mbumba ankakambirana Wadson akapita kukasamba.

A Sabina anamwalira sabata lisanathe, m'mawa, Bernadetta akuwatembenuza.

Zonse anayendetsa ndi Jasten. Ndiye anatumiza uthenga kutsidya, ndiye anasonyeza adzukulu pokumba, ndiye analoza mbuzi yoti iphedwe. Bernadetta anatcheza kachasu tsiku lonse kuti okumba manda asadandaule, kenako anazimitsa moto n'kukalowa m'nyumba ya siwa. Jasten anakhazika Wadson pampando wa ndalema pansi pa mtengo, pamodzi ndi aphunzitsi ndi alendo ochokera kutali. Mayi wina wachilendo anamugwadira n'kumufunsa kuti malemuwa anali ndani wake.

M'mawa wa tsiku loika, anthu ali pa nyimbo, ananyamuka ngati wopita kuthengo, natsikira m'kakhwawa kaja. Anagumula dothi pakhosi pa mbiya, nasolola chitsulocho. Chinali chopepuka kuposa mmene ankachikumbukira. Anachiyang'anitsa kudzuwa: kumbuyo kunali pululu monga ananenera Usumani, m'kati muli zibowobowo za dzimbiri. Munthu amene anawerenga zambiri ngati iye ankadziwa chimene nthunzi ya zaka khumi imachita ndi chitsulo. Ankadziwa ndithu. Anapita kukhola kumene kunali ngolo yothyoka, nazula bawuti, naikhomera kumbuyo kuja ndi mwala mpaka inalowa, naikulunga ndi waya. Kabowo koyatsira, kamene Usumani anakatseka ndi mtovu, anakatsegula ndi msomali. Anathira wonga, natsendera ndi sanza, nathiranso pang'ono poganiza kuti mfuti imene inalirira munthu wamoyo iyenera kulira koposa polirira wakufa.

Mtengo wake unali utapsa kalekale, choncho panalibe pogwira. Anachimangirira ndi luzi pa nthambi ya msangu m'mphepete mwa manda, kukamwa kuloza kutsidya, nabisala kuseri kwa tsinde ndi chikuni cha moto.

Anamva nyimbo zikuyandikira. Anamva Jasten akuthokoza amfumu, a mpingo, adzukulu, akazi amene anatunga madzi. Anamva akutchula ana a malemu: a Bernadetta, amene anawasamala mpaka tsiku lomaliza, ndi achimwene athu a Wadson, amene Mulungu watibwezera modabwitsa ndipo atichezera masiku ano. Atichezera. Kenako kunamveka mawu a adzukulu akuuzana kuti gwira uko, tsitsa bwino, bulangete lisakodwe.

Wadson anagunditsa chikuni pakabowo.

Sikunali kulira kwa mfuti kumene ankakukumbuka, kwakuya, kotsatidwa ndi mayankho a mapiri. Kunali kung'ambika. Utsi unadzaza mumsangu, masamba anayoyoka, mbalame zinabalalika. Amayi anathawira m'tchire, mdzukulu wina anatuluka m'dzenje osagwira m'mbali. Wadson anapezeka ali pansi, khutu lakumanja likulira ngati nyenje, dzanja likuchucha magazi. Pamwamba pake chitsulo chinkalendewera pa luzi, chitang'ambika kuyambira kumbuyo mpaka pamphete yamkuwa, chitayasama ngati nthochi yosenda.

Woyamba kufika anali Jasten. Milomo yake inkayenda, ndipo Wadson anachita kutembenuza khutu lamanzere kuti amve.

"Achimwene aakulu, mwatiitanira amesenjala pa maliro a amayi."

"Ndinawalonjeza."

"Iwo anakumasulani kalekale."

Bernadetta anafika pambuyo, mutu uli wosamanga, fumbi lili m'mawondo. Mchimwene wakeyo sanamuyang'ane. Anamasula luzi, nagwira chitsulocho ndi nsonga ya chitenje chifukwa chinali chikadatentha, nachitembenuza uku ndi uku, kufuna pamene pangamatike. Panalibe. Apo ndi pamene analira, kulira kumene Wadson sanakumve ngakhale m'nyumba ya siwa.

"Amayi munawabweretsera bulangete," anatero. "Ine mwandibweretsera ichi. Njala yonse ija ana anga anapulumukira pa mbuzi zimene chitsulochi chinagula. Inu munali kuti?"

"Ndi ya atsibweni, Bena."

"Atsibweni ndi awo agona apowo. Kawapatseni."

Anthu anabwerera mmodzimmodzi, namaliza kukwirira. Pobwerera kumudzi, nkhalamba ina ya kutsidya, imene inachedwa ndipo inamvera phokosolo pamtsinje, inamupeza akumanga dzanja ndi mpango.

"Tinamva, mwana wanga," inatero mokoma mtima. "Tinamva bwino lomwe. Tinangofunsana kuti kodi mtchona uja wafanso?"

Kumeta kwa a Sabina sanakudikire. Atapita masiku ochepa anali pa Balaka, pansi pa mlambe womwe uja, sutikesi ili yopepuka. Usumani anamuzindikira ndi jekete.

"Ambuje a mafunso. Dzanja latani?"

"Ndikufuna paipi. Yaitali kuposa zonse."

"Chiyani?"

Wadson analoza muluwo.

"Tchulani bwino, ndingakupatseni ya madzi."

"Mfuti," anatero Wadson.

Usumani anasankha imodzi, naiuzira, naiyang'anitsa kudzuwa. "Iyi ndi ya njinga ya mphunzitsi, sinanyamulepo katundu wolemera. Koma musaiyerekeze ndi ya kwa Phalula ija. Munapita kukaiona?"

"Ndinaiona. Inaphulika."

"Inaphulika bwanji, yotsegula mbali zonse?"

"Wina anaitseka."

Mmisiriyo anapukusa mutu, nayamwa mano. "Ntchito yanga ya tsiku lathunthu. Anthu ena Mulungu anawapatsa manja n'kuiwala zina. Basitu, zenizeni zatha. Zidzukulu zathu zizidzati mfuti osadziwa chifukwa chake, pokhapokha atakumana ndi munthu ngati ine." Anakulunga chitsulocho m'chiguduli. "Mupita nayo nokha?"

"Iyayi. Mupatsire aliyense wa ngolo wopita kwa Phalula. Akapereke kwa a Bernadetta."

Kumpoto kunamveka kulira kwa sitima yopita ku Limbe. Anthu pa siteshoni anayamba kutola mitolo yawo. Wadson analipira, nanyamula sutikesi ndi dzanja lamanzere.

"Akafunsa kuti yachokera kwa ndani, anene chiyani?" anafunsa Usumani.

Wadson anali atayenda kale pang'ono, ndipo funsolo linagwera khutu lakufalo. Usumani anabwerezanso mokweza. Iye anaima, natembenuza mutu.

"Anene kuti yachokera ku Wankie. Akadziwa."